Kukaona Farao ndi Apongozi Anga

Tinanyamuka ku Barking Loweruka lina m'mawa, mphepo ya Okutobala itayamba kale kuluma makutu. Ine ndinali patsogolo, apongozi anga Anangozo pambuyo, ndipo pakati pathu panali mpata woti ngolo n'kudutsa osakhudza aliyense. Amene ankationa pamsewu wopita kusiteshoni sakanaganiza kuti tatuluka khomo limodzi.

Ndiyambe ndafotokoza, chifukwa enanu munakwatira kwa anthu osavuta. Ine ndine nesi pachipatala china ku Romford, wobadwira ndi kukulira ku Chilomoni. Mkazi wanga Chisomo kwawo ndi ku Ntcheu, kumudzi kwenikweni. Mwana wathu Tadala atabadwa tinaitanitsa amayi ake a Chisomo kuti adzatilelere, popeza iye ankayenera kubwerera kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo kusiya khanda kwa olera ana kuno kumadya malipiro onse a munthu. Chitupa chawo chinali cha miyezi isanu ndi umodzi. Koma mwezi woyamba usanathe n'komwe, anauza mwana wawo kuti tikiti ya ndege isinthidwe, akufuna kwawo. Iwo akapita ndiye kuti Chisomo asiya ntchito, ndipo lendi ya fulati itigwetsa pansi. Chifukwa chake sananene. Ine ndinkati ndikuchidziwa, popeza ndinkachiona pagalasi m'mawa uliwonse pometa ndevu.

Kwawo kwa Anangozo mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sakhala pampando umodzi, salankhulana pamaso. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, ukaona apongozi akubwera umangopatukira m'chimanga. Nanga mu fulati ya zipinda ziwiri, kanjira kamodzi, bafa limodzi, upatukira kuti? Ndikatuluka kuchipinda iwo ankathawira kukhitchini, ndikafuna madzi kukhitchini ankathawira kubafa. Uthenga wonse unkadzera mwa khanda. "Tadala, uwauze abambo ako kuti tiyi wazizira." Mwana wa miyezi itatu anali kale pa ntchito ya unkhoswe.

Ulendowu anaupanga ndi Chisomo. Amayi anali atamva kutchalitchi kwathu ku Tottenham kuti Angerezi anatuta zinthu za ku Igupto n'kuzisunga mu London muno, mpaka Farao amene, ndipo nkhani imeneyi yokha ndiyo inawalitsa maso awo chibwerereni. "Tiwayendetseko, mwina mtima ungakhale pansi," anatero Chisomo. Tsoka ilo, Lachisanu Tadala anabayidwa katemera, thupi n'kutentha, ndipo Loweruka m'mawa mkazi wanga anandiyang'ana ndi maso aja amuna okwatira nonse mukuwadziwa.

"Pitani awiri. Simudyana."

"Nanga tizilankhulana bwanji?"

"Foni ali nayo. Aziyimbira ine, ine ndiziyimbira inu."

Ndinaseka poyesa nthabwala. Mkaziyo sanaseke.

Pasiteshoni ya Barking ndinagula matikiti awiri oyendera tsiku lonse, iliyonse mapaundi osakwana sikisi. Yawo ndinaiika pamwamba pa makina n'kusuntha, chifukwa kupatsirana m'manja ndi mlandu wina. Sitima ya District line itafika ine ndinalowa bogi lina, iwo n'kulowa lotsatira. Duku lawo lobiriwira ndinkaliona kudzera pagalasi la chitseko chapakati. Tisanafike ku Plaistow kafoni kanga ka mabatani kanalira. Anali Chisomo.

"Amayi akuti jekete mwavalalo ndi lopepuka, mudwala chifuwa."

"Uwauze kuti ndathokoza."

Posakhalitsa ndinaona duku likuwerama, akulandira yankho langa limene linayamba lazungulira ku Barking.

Titadutsa Bow Road sitima inalowa pansi pa nthaka, netiweki n'kuthawa. Zimenezi palibe anaziganizira, ngakhale ine amene ndimakwera sitimayi mlungu ndi mlungu. Pa Tower Hill, pomwe tinkayenera kutsikira, panali chikhamu cha alendo odzaona malo. Ndinatsika, ndinakweza dzanja, ndinakupiza ngati woingitsa nkhuku pa mphale. Koma mayi wosunga mwambo sayang'ana mkamwini. Maso awo anali pa nsapato zawo. Zitseko zinalira n'kutsekeka, ndipo ndinaona duku lobiriwira likulowa mumdima.

Ndathamangirapo odwala amene mtima waima, koma mantha a tsiku limenelo anali amtundu wina. Mayi amene Chingerezi chake chinkathera pa moni ndi zikomo anali yekha m'sitima yopita mbali ina ya mzinda, ndipo wowataya ndinali ine. Ndinathamangira wantchito wa pasiteshonipo, bambo wa ku Ghana wa wailesi ya m'manja.

"Ndi mayi ako?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ndi apongozi."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "M'bale wanga, bola ukanataya pasipoti."

Analankhula pa wailesi yake uku akuseka, n'kundiuza kuti amayi apezeka, ndikwere sitima yotsatira mpaka pa Monument, siteshoni imodzi yokha. Ndinawapeza atakhala pa benchi ndi mtsikana wina wantchito wa pamenepo, chikwama chili chotsegula, mtsikanayo akutafuna mandasi. Ataona kuti sitima yanyamuka popanda ine, anatsika pamalo oyamba n'kukhala pansi kudikira. Nditayandikira anatembenukira kukhoma, kumene kunali chithunzi chotsatsa mankhwala otsukira mano.

"Anthu ena akamatsika amanena," anauza khomalo.

Ine ndinayang'ana bini ya zinyalala. "Anthu ena anakweza dzanja."

"Dzanja silimveka," anatero, n'kutseka chikwama.

Kuchokera pamenepo tinatsetserekera kumtsinje wa Thames wapansi, n'kulondola gombe mpaka padoko la maboti, pafupi ndi linga lakale la mafumu. Tsopano ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, diso limodzi kutsogolo, lina pa duku. Boti lopita ku Westminster linali mapaundi angapo munthu mmodzi, ndipo anatichotserako pang'ono chifukwa cha matikiti a sitima aja. Amayi anakhala kumanzere, ine kumanja, mphepo ikutidula tonse mofanana. Mnyamata wa m'botimo ankafotokoza milatho ndi nyumba pa chimkuzamawu, Chingerezi chake chothamanga, choti ine ndemwe ndinkangotolako theka. Foni inalira tisanadutse mlatho woyamba.

"Akufunsa kuti mtsinje wonsewu palibe ngakhale mmodzi wochapa kapena wowedza?"

"Uwauze kuti kuno amachapa ndi makina."

Inaliranso. "Akuti ng'ona zilimo?"

"Mulibe. Uwauzenso kuti mtsinjewu umati ukayenda kupita kunyanja, madzulo umabwerera m'mbuyo."

Panapita kanthawi. "Akuti musawanamize ngati mwana."

Pambali pawo panakhala gogo wina wachizungu wa chipewa chaubweya. Gogoyo anapatsa amayi switi, n'kuloza duku lija kusonyeza kuti lamusangalatsa. Anacheza ulendo wonse, wina Chingerezi wina Chichewa, akugwedezerana mitu pamalo oyenera. Zinandipweteka pang'ono, ndisaname. Mlendo wongokumana naye m'boti ankamva mawu awo ndi kuseka kwawo, ine wowagulira tikiti ya ndege ndinkamvera ku Barking.

Tinatsika pa Westminster dzuwa lili pamutu, ngati tinganene kuti kanthu kotuwa kanali kumwambako kanali dzuwa. Amayi anayang'ana wotchi yaikulu ya pansanja ija, n'kuyang'ana yawo ya pamkono imene inali ikuyendabe nthawi ya ku Malawi. Foni inalira. "Akuti wotchi ya azungu yatsalira ndi ola."

Igupto wathu woyamba tinamupeza m'mbali mwa mtsinje momwemo, titayenda pang'ono kulowera ku Embankment. Ndi mwala umodzi wautali, wosongoka kumwamba, wolembedwa tizithunzi ta mbalame ndi maso kuyambira pansi mpaka kunsonga. Unkaima pakhomo la kachisi kwawoko, Angerezi n'kuukoka panyanja kudzauimika pano pakati pa utsi wa mabasi. M'mbali mwake mwagona zilombo ziwiri zachitsulo, thupi la mkango, nkhope ya munthu. Amayi anazizungulira patali, atagwira chikwama pachifuwa.

"Izi n'zakudambwe," anauza mtengo umene unali pafupi.

Nkhomaliro tinadyera pomwepo, pa mabenchi awiri. M'chikwama muja munatuluka mbatata yophika yogula kwa Mnaijeriya wa ku Barking, mazira owiritsa, mandasi otsala ndi fulasiki ya tiyi. Gawo langa analikulunga m'pepala, analiika pa benchi yopanda munthu n'kubwerera pamalo pawo. Ndisanafike, mbalame yoyera ya kunyanja inatsika n'kunyamula dzira langa. Ndinamva kuseka kumbuyo kwanga, kuseka kwa m'mimba kwenikweni, kotsekedwa ndi nsonga ya mpango. Amayi anatulutsa foni kuti auze mwana wawo nkhaniyi, koma foniyo inali itazima. Batire linali litatha ndi ntchito ya tsikulo. Anaigwedeza, anaimenya pachikhatho, n'kuibweza m'chikwama mwaulemu. Nkhoswe yathu inathera pamenepo.

Pokwera kuchoka kumtsinje tinadzera m'tinjira ta maofesi a maloya, kumene kwabisala katchalitchi kakale kozungulira. Mkati mwake, pansi penipeni, mwagona ziboliboli zamwala za asilikali akale, aliyense ndi lupanga lake. Mkulu wina woyang'anira pamenepo anatiuza kuti ndi zikumbutso za pamanda za anthu amene anamwalira zaka mazana ambiri zapitazo. Ndinamasulira nkhaniyi moyang'ana nsanamira. Amayi anayenda chotsamira khoma, kuopa kulumpha miyendo ya akufa, ndipo anafunsa nsanamira yomweyo kuti munthu wogona ndi lupanga akufuna akamenyane ndi yani kumandako.

Basi yopita ku Holborn inali yosanja. Iwo anakhala pansi, ine ndinaima pamakwerero pomwe ndinkatha kuona chitseko, chifukwa kutaya apongozi kawiri tsiku limodzi ndiye kukatula ukwati. Ku nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale, kumene kuli Farao uja, salipiritsa pakhomo, ndipo zimenezi zinawadabwitsa kuposa mtsinje wobwerera m'mbuyo.

Chipinda cha pansi cha Aigupto ndi chachikulu moti tchalitchi chathu n'kulowamo chonse. Muli nsanamira za m'makachisi, mabokosi amwala, mikono yamwala yotalika kuposa munthu, ndi chimutu cha mfumu chimene munthu umachiyang'ana mpaka khosi kuwawa. Ndinaloza chimutucho n'kuuza mpweya kuti Farao uja ndi ameneyu. Amayi anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Nkhope yofatsa chonchi, nkhanza zonse zija," anatero. "Milomoyi ndi ya kwathu ndithu. Angakhale wa kwa Ganya ameneyu."

Kenaka tinakwera m'mwamba, kumene kuli mitembo. Ine ndinali nditapitako kale ndi anzanga a kuntchito, tinajambulitsa n'kukadya tchipisi, choncho sindinaganize zowachenjeza. Munali piringupiringu, ana akuthamanga ndi mapensulo, alendo akuthwanimitsa makamera. Mitembo yokulungidwa m'nsalu anaidutsa mwakachetechete, akuyang'ana pansi. Koma chakumapeto kuli bokosi lagalasi, ndipo mkati mwake mwagona munthu wosakulungidwa kalikonse, atapinda miyendo, dzanja pafupi ndi nkhope, miphika yake ili m'mbali. Mchenga wotentha wa kwawo unamuumitsa, moti khungu, zala ndi tsitsi zikuoneka bwinobwino. Mnyamata wina anali atatsamira galasilo akutafuna chingamu.

Amayi anatsegula chikwama, anatulutsa chitenje n'kumanga pamwamba pa chikhoti chawo. Anavula nsapato. Kenaka anakhala pansi pambali pa galasilo, miyendo atatambasula, mmene amayi amakhalira pa siwa. Mlonda wa m'chipindamo, mayi wachizungu wa imvi, anabwera mofulumira poganiza kuti akomoka.

"Ali bwino," ndinamuuza. "Kwathu maliro sitiwadutsa choimirira."

Anawayang'ana, anayang'ana munthu wa m'galasi uja, n'kupita kukauza mnyamata wa chingamu kuti achotse chigongono pamenepo. Ine ndinanjuta chapatali, chipewa m'manja. Amayi anayimba chamumtima nyimbo ya pamaliro, ndime imodzi yokha. Anthu ankatilambalala, ena n'kutsitsa makamera awo.

"Bambo a Tadala."

Ndinacheuka kufuna khoma kapena nsanamira imene ankailankhula. Panalibe. Ankayang'ana galasi, koma ankaitana ine.

"Wawa, amayi."

"Munthuyu kwawo n'kuno?"

"Ayi, amayi. Kwawo ndi ku Igupto. Anamwalira zaka masauzande zapitazo."

"Sindinafunse zaka. Ndiye kuti anamufukula kwawo n'kudzamugoneka kwa eni, wopanda ndi nsalu yomwe, ana akumuloza ndi mapensulo." Anakonza chitenje pamaondo. "Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Inu mukuganiza kuti ndikuthawa inu. Manyazi alipo, koma manyazi sapha munthu. Ine ndili ndi BP, mukudziwa. Kutchalitchi kwanu kuja ndinamva za bambo wa ku Balaka amene wagona mufiriji miyezi, anthu akusonkhabe ya ndege. Malo anga alipo kale, pambali pa abambo ake a Chisomo. Ndikati ndiyambe nkhaniyi, mwana uja amangolira, amvekere musamalankhule zoterozo. Nanga ndiuze yani? Pamaliro amathamanga ndi akamwini."

Mwezi wathunthu ndinkayenda chonyang'ama m'nyumba mwanga momwe, kudziyesa chilombo chothamangitsa nkhalamba, pamene iwo ankafuna ine yemweyo. Ntchito yanga inandiphunzitsa kuti munthu akayamba nkhani ya imfa yake sumuyankha kuti simufa. Ndinayamba kufotokoza za inshuwalansi imene tinawadulira pobwera.

"Pepala silinyamula bokosi," anandidula. "Ndikufunsa inu."

Apa ndiye anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona kuti Tadala anatengera maso a agogo ake.

"Amayi, Mulungu akakuitanirani kuno, simudzagona mufiriji kudikira msonkhemsonkhe. Ndidzakwera nanu ndege imodzi. Sindidzabwerera kuno ndisanaponye dothi ndi dzanja langali pamalo mwanenapo."

Anandiyang'anabe kanthawi, kenaka anagwedeza mutu. "Basi. Ndamva."

Podzuka bondo linakana. Anayesa kugwira pansi, anayesa kutsamira chikwama, osatheka. Mapeto ake anatambasula dzanja, nkhope atalozetsa kumbali. Ndinaligwira ndi manja awiri n'kuwadzutsa. Linali dzanja lolimba, la khasu.

"Musazolowere," anatero akuvala nsapato.

Pobwerera tinakwera Central line pa Holborn n'kusintha pa Mile End. Sitima inali yodzaza ndi anthu ochokera kumpira, ndipo mipando iwiri yokha imene inapezeka inali yogundizana. Anaima kaye kuiyang'ana, kenaka anakhala n'kuika chikwama pakati pathu. Kuyambira pa West Ham mpaka ku Barking anandifotokozera mmene apongozi anga aamuna anagwera m'dzenje la chimbudzi chatsopano pothawa amayi a Anangozo, chaka choyamba cha ukwati. Ndinaseka mpaka anyamata a mpira aja anayamba kutiyang'ana.

Tinafika pafulati magetsi a mumsewu atayaka. Chisomo anatsegula chitseko Tadala ali paphewa, thupi litazizira bwino. Anati apereke mwana kwa agogo ake, koma amayi anabwerera m'mbuyo.

"Usatipatse mwana. Tachokera kumaliro. Bweretsa madzi m'beseni."

Chisomo anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu kuti achite zimene wauzidwa. Anabweretsa beseni lochapira ndi jagi, ndipo tinasamba m'manja pakhonde pomwepo, mnansi wathu wa ku Poland akudutsa ndi galu wake mosadziwa poyang'ana. Amayi anasamba, kenaka analanda jagi m'manja mwa mwana wawo n'kundithirira okha.

"Tikiti ija isiyeni mmene ilili," anatero akupukuta m'manja ku chitenje. "Takambirana ndi bambo a Tadala."

Chisomo anathawira kukhitchini ndi mwana, ndipo tinamumva akufwenthera kumeneko.

Enanu mukadzapita kukaona Farao ndi anthu ake, pitani ndithu, n'kosalipira ndipo mudzatopa miyendo musanamalize. Koma mukatenga munthu wamkulu wa kwathu, mumuuziretu kuti m'mwambamo muli maliro. Ine ndinkapita kumeneko kukaona zodabwitsa, ndipo zinatengera mayi wa ku Ntcheu kundikumbutsa kuti wogona m'galasi uja ndi mwana wa munthu. Anangozo anakhala nafe mpaka chitupa chawo chinatha, n'kukwera ndege ndi miyendo yawo. Abweranso kawiri chichokereni nthawi imeneyo, ndipo ulendo uliwonse, tisanatuluke m'bwalo la ndege, amandikokera pambali Chisomo asakumva n'kundifunsa ngati mawu aja akadalipo. Ndimawayankha kuti alipo.